Kwa Zainabu Amene Akupita ku Joni Kukaphunzira Magemu

Zainabu mwana wanga,

Magetsi athima kuyambira m'mawa, ndiye m'chipinda chathu cha magemu muli zii, makasitomala onse abalalika. Iwe wapita kukatsanzika kwa anzako a ku madirasa, ine ndakhala pabenchi pano ndi cholembera. Ndasankha kulemba chifukwa ndimakudziwa. Ndikayamba kulankhula umati "ndamva, Amayi" maso ali pa laputopu, ine n'kupsa mtima, n'kuiwala zonse zimene ndimafuna kunena. Pepala lokha ndiye silindidula mawu.

Mawa ukukwera basi ya ku Joni. Koleji ya kumeneko yakupatsa malo oti ukaphunzire kupanga magemu, ndipo yakupatsa chifukwa cha gemu imene unapanga wekha pa laputopu yakale ija, ya kamtsikana kochoka kuno ku Mangochi kukafuna bambo ake kunja. Ndakunyadira mpaka amayi a mumsika atopa nane, akandiona ndikubwera amayamba kusanja tomato wosanja kale. Koma sindine mwana ine, ndikudziwa kuti kamtsikanako ndi ndani. Ndipo mayi ako aang'ono a ku Chowe andiuza zimene unawanong'oneza. Akuti ukangofika uyamba wasaka abambo ako, chifukwa sukudziwa kuti gemuyo uitsirize bwanji usanawaone. Usawakwiyire, chibadwire sasunga chinsinsi.

Nkhani yanga yonse ndi imeneyi. Joni inanditengera mwamuna, anatchona, ndipo sindilola kuti inditengerenso mwana. Ukupita kukaphunzira, Zainabu. Ukaphunzire, umalize, ubwere.

Usaiwale kuti ulendowu sunabwere wokha. Amalume ako a Yusufu anakhala pakhonde paja, kapu ya tiyi m'manja, n'kunena kuti, "Chemwali, magemu ndi njuga basi. Mwana wamkazi akwatiwe, akakana akaphunzire unamwino." Ine ndinati, "Achimwene, mwanayu waleredwa ndi njuga imeneyi, ndipo tiyi mukumwayo wachokera komweko. Mumubweze?" Anaseka. Lachisanu lapitali atachoka ku mzikiti unawaona wekha, anabwera osaitanidwa kudzakuchitira pemphero la duwa. Iwonso akudziwa kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma ndinawalonjeza pamaso pa abale kuti sukuluyo udzaimaliza, ndipo ine sindinazolowere kubweza mawu.

Kusukulu sindinapite patali, koma magemu ndawaonerera kuyambira iwe usanayambe kuyenda, choncho undilole ndikuuzeko zimene ndinaphunzira polakwitsa. Makina athu oyamba anachokera kwa abambo ako, anabwera pa basi m'katoni yomata ndi matepi ambirimbiri. Ine ndinkayembekezera makina osokera. Nditatsegula n'kupezamo kabokosi kotuwa, zingwe ndi makaseti, ndinalira ndi mkwiyo. Che Ajasi, amene ankakazinga tchipisi pafupi ndi nyumba yathu, ndiwo anandilumikizira zonse ku tivi, n'kundiuza kuti ndiyese kutsegula chitseko ndione. Anthu anadzaza. Mwera ukawomba maboti osalowa m'madzi, asodzi ankabwera kuchokera ku Nkopola komwe, abambo a ndevu zawo, kudzakanganirana chowongolera ndi ana a sukulu.

Cholakwa changa choyamba chinali katani. Osewera ankakhala awiri, koma kumbuyo kwawo kunkaima gulu, kukuwa, kulangiza, kutukwana, kununkha usipa, mpaka mutu unkandiwawa. Ndinati amenewa akungonditsirizira mpweya. Ndinasoka katani yokhuthala n'kulamula kuti olowa ndi osewera okha, ena onse panja. M'chipinda munakhala bata ngati m'chipatala, ndipo ndinadziona wanzeru. Tsiku lina msodzi wina anagonjetsa chimdani chachikulu chimene chinali chitawalepheretsa onse. Anadumpha n'kutembenuka kuti aone amene amuona, koma anapeza katani. Anaika chowongolera pansi mwakachetechete n'kutuluka, ndipo sanabwerenso sabata imeneyo. Enanso anayamba kuchepa. Che Ajasi anasuzumira pawindo n'kunena kuti, "Abiti Saidi, munaonapo mpira ukuseweredwa m'bwalo lopanda anthu? Chotsani chinsalucho." Ndinachichotsa tsiku lomwelo, n'kuitana kalipentala kuti akhome benchi ndakhalirali.

Ndamva kuti kumeneko aliyense amasewera yekha, chitseko chotseka, zomvera zili m'makutu. Ukaphunzire zawo zonse, usasiyeko kanthu. Koma uzikumbukira kuti kuno foni imodzi imaweramiridwa ndi mitu yambirimbiri, ndipo amene wagwira foniyo si yekha akusewera. Gemu yako ikhale yoti wakumbuyo aziona ngozi ikubwera n'kukuwa kuti "dumpha!" Iwenso usakadzisokere katani. Ukapeze anzako, uziwauza kumene ukupita, chifukwa mzinda umenewo umameza munthu woyenda yekha osasiya ndi nsapato yomwe.

Cholakwa chachiwiri ndi chimene chinakuliza iweyo, kaya ukukumbukira. Pa makaseti aja panali gemu ina ya chilankhulo chimene panalibe wochidziwa, zilembo zake ngati mapazi a nkhuku pamatope. Zithunzi nazo zinali zosauka. Munthu anali timabokosi tosanjikiza, nkhope yopanda mphuno, pakamwa kadontho. Popeza panalibe wotiuza nkhani yake, anthu anapeka yawo. Anagwirizana kuti munthuyo ndi msodzi amene anaberedwa injini ya boti, ndipo akuyenda dziko lonse kuifuna. Chilombo cha m'phanga chinali mwini makoka wouma manja. Gulu lililonse linkawonjezerapo zake, nkhaniyo n'kumakula. Iwe unali kamwana kolongolola, unkaima pa kireti ya zakumwa n'kumafotokozera akuluakulu kuti, "Ayi, uyo si mfiti, ndi apongozi ake, akufuna nsomba zaulere!" Abambo a ndevu aja ankaseka mpaka kugwetsa chowongolera. Pamenepo mpamene ndinadziwa kuti ndabala munthu wa nkhani.

Patapita zaka ndinagula makina atsopano a madiski, ndipo gemu yomweyo inabweranso itakonzedwa, anthu ake ali ndi nkhope zenizeni mpaka thukuta kuoneka, akulankhula Chingerezi. Ndinati tsopano timve zoona zake. Ndinaitana a Laitoni, amene ankaperekera zakudya ku hotela ina ku Makokola ndipo Chingerezi ankachidziwa bwino, kuti atimasulire. Anamasulira mwaluso, sanalumphe kanthu. Munthu uja anali mwana wa mfumu ya dziko lakutali, ankafuna mwala wamatsenga. Msodzi wina anafunsa kuti, "Nanga injini ija ili pati, achimwene?" A Laitoni anati, "Pepani, muno mulibe injini." Iwe unatsika pa kireti n'kukalira kuseri kwa nyumba, ndipo gemu imeneyo anthu anaisiya mwezi usanathe. A Laitoni sanalakwe, anachita zimene ndinawapempha. Wolakwa ndinali ine amene ndinalanda anthu nkhani yawo.

Umvetse bwino apa, mwana wanga. Magemu akale anali osauka, ndiye ankatisiyira malo oti tilowemo. Atsopanowa ndi okongola, sindikana, koma ambiri amalankhula ngati mlendo wosafuna kutsanzika. Umakhala wagwira chowongolera mpaka manja kuzizira, iwo akukuonetsa filimu, kukuuza amene uyenera kumukonda ndi nthawi yoti ulire. Aphunzitsi ako akakuphunzitsa kujambula nkhope zokhala ndi thukuta, uphunzire, koma usadzaze paliponse. Mu gemu yako bambo uja alibe nkhope, amangooneka msana m'maloto a kamtsikanako. Ukuganiza kuti pamenepo mpoperewera, ukufuna ukaone abambo ako kuti udzajambule nkhopeyo. Ine ndikuti uisiye momwemo. Kuno ku Mangochi ndi nyumba iti ilibe munthu ku Joni? Aliyense wosewera adzaikapo nkhope ya wake, wina bambo, wina mchimwene, wina mwamuna. Ukaikapo nkhope ya abambo ako, nkhaniyo idzakhala yako wekha, ndipo enawo adzafunsa za injini yawo n'kuchoka.

Palinso nkhani ya jenereta. Makina akale aja sankasunga pamene wafika. Magetsi akathima, ngakhale utayenda tsiku lonse, unkayambiranso pachiyambi. Ndi mmene amathimira magetsi kunoku, panali gemu ina yaitali imene panalibe anaonapo mathero ake, ndipo anthu ankakangana za mathero amenewo ngati za mpira. Chaka china pa Idi ndinabwereka jenereta, n'kulengeza kuti lero tikafika kumapeto zivute zitani. Ndinalonjeza anthu zodabwitsa zimene ineyo sindinazionepo. Osewera ankalandirana, ena ataima m'mawindo, utsi wa jenereta uli m'maso. Titafika, munthu wa m'gemuyo anaima paphiri, kanyimbo kanalira, kenako mayina a anthu osawadziwa anayamba kukwera pa tivi. Che Ajasi anati, "Basi?" Inde, anali basi. Ndinachita manyazi ngati ndawaitanira ukwati wopanda mpunga. Koma ukafunsa lero amene analipo, palibe akumbukira phirilo. Amakumbukira amene anagwera m'dzenje gulu lonse likumukuwira, ndi mmene tinagawirana maandazi pawindo.

Ndikanaphunzirapo pamenepo, koma ndinabwereza cholakwa chomwecho ndi moyo wanga. Ukudziwa kuti uli wamng'ono ndinakusiya ku Chowe kwa mayi ako aang'ono n'kupita ku Joni. Sindinabisepo zimenezo, kungoti sunandifunsepo zimene ndinakapeza, ndipo ine sindinafune kukusenzetsa. Tsopano ukupita komweko, ndiye umve. Abambo ako anali atasiya kuimba foni. Ndinatseka chipinda chino pa nyengo ya mwera, nyengo imene asodzi amadzaza, n'kukwera basi yomwe ukwere mawayo. Njira yonse, ku Mwanza, ku Tete, m'mizere ya m'malire miyendo itatupa, ndinkakonza mawu. Ndinkati ndikawaona, kaya tikamenyana kaya tikalirirana, koma chinachake chachikulu chichitika ndipo mtima wanga upuma.

Anyamata a kuno amene ndinakumana nawo pa mzikiti wina ndiwo anandilozera. Ndinawapeza abambo ako kuseri kwa sitolo akutsitsa makatoni m'galimoto. Anandipatsa salamu mwaulemu ngati mlendo wochokera kumudzi kwawo. Anandigulira chakumwa. Anafunsa za mvula, anafunsa ngati nyanja yadzaza, anafunsa ngati makina aja akugwirabe ntchito. Kenako anati, "Mwana akukula?" Ndinati, "Akukula." Anati, "Alhamdulillah." Abwana awo anawaitana, ndinadikira pa kireti, ndipo atamaliza ntchito anandiperekeza kokwerera basi. Mawu onse ndinakonza aja ndinabwerera nawo. Sanandinyoze, sanandimenye, sanapepese. Si munthu woipa, Zainabu, ndipo sindikufuna uwade. Mtima wawo unangosamuka, ndipo panalibe chimene ndikanachita kuti ubwerere.

Nditafika kuno ndinapeza makina atapsa. Magetsi anabwera mwamphamvu tsiku lina, panalibe wozula chingwe. Asodzi anali atazolowera kwina. Ndipo nditapita ku Chowe kukakutenga, unabisala kumbuyo kwa mayi ako aang'ono n'kumandisuzumira ngati wogulitsa mankhwala. Chimenecho ndiye chinandiwawa kuposa makina. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinavumbwadi. Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndidzutsenso chipinda chino, koma ndinachidzutsa, ndipo ndi chimene chakufikitsa pa basi ya mawa.

Sindikukuletsa kuwaona. Ndi abambo ako, ndipo chipembedzo chathu sichilola kudula ubale. Koma uchite motere. Uyambe walemba mayeso. Nthawi ya tchuthi ikakwana utenge mnzako, mupite masana, ukawapatse salamu, uwayang'ane mmene ukufunira, ubwerere ku koleji. Usajombe kalasi ngakhale imodzi chifukwa choti wina wakuuza kuti anawaona ku tauni ina. Mbiri zotero sizitha, lero ali uku mawa ali uko, ndipo ukazitsatira udzazindikira chaka chapita, malo ako apatsa wina. Ndipo usakawapemphe mathero a gemu yako, chifukwa alibe. Ine ndinakafika ndipo ndinaona. Ukaphunzire, umalize, ubwere.

Zina zazing'ono nazi ndisanaiwale. Jekete ndakuikira pansi pa chikwama, kumeneko kuzizira kwake si kwa kuno. Mapemphero a swala usawasiye ngakhale anzako akuseke. Uziimba Lachisanu lililonse, ngakhale ulibe nkhani, ndimve mawu ako basi. Ndipo ukakhala pa laputopu uzidzuka n'kudya, usadzabwere kuno utauma ngati usipa wa pathandala.

Tsopano za dzulo, zimene zandikhalitsa pansi kuti ndilembe zonsezi. Unandipatsa foni kuti ndiyese gemu yako komaliza, iwe ukusita zovala. Ndinayamba. Ndinaona khonde lathu, chitseko chathu chobiriwira, ndi mayi wa mpango kumutu ataima pakhomo akukweza dzanja. Wandijambula wonenepa, koma zimenezo tidzakambirana. Kamtsikanako kanadutsa mumsika, ndinamva mabelu a kabaza, ndinaona mabenchi a nsomba, zonse zili m'malo mwake mpaka ndinamva ngati fungo likutuluka m'foni. Ndinafika pa mlatho wa Shire. Pamenepo mtima unandiuza kuti ndibwerere pang'ono, ndikaone ngati mayi uja walowa m'nyumba kapena akadaimabe. Ndinadina batani lakumanzere. Kamtsikanako kanatembenuka, miyendo ikuyenda, koma kali pamalo amodzi ngati kagunda galasi. Ndinadinanso mwamphamvu, osatheka.

Ndinakuitana. Ndinati, "Zainabu, batanili lafa kodi?"

Unayankha osadzutsa mutu pa nsimbi. Unati, "Ayi Amayi, silinafe. Mmenemo sabwerera. Munthu akadutsa malo, gemu imawafufuta kuti foni isalemedwe. Kumbuyoko kulibe kanthu."

Ndinakubwezera foni n'kupita kukatsuka mbale zotsuka kale. Ndikuuza poyera, zinandipweteka. Ndikudziwa kuti sunatanthauze choipa, umanena za foni. Ena mwa makaseti akale aja analinso choncho, munthu ankangopita kutsogolo chifukwa makinawo analibe mphamvu yokumbukira kumene wachokera. Makina ndimawakhululukira. Koma ine ndakhala zaka zonsezi kumbuyo kwa munthu amene anadutsa malo n'kuwafufuta kuti asalemedwe, ndipo dzulo mwana wanga anandiuza ndi pakamwa pake kuti kumbuyo kulibe kanthu. Kumbuyoko kuli ine, Zainabu.

Choncho nayi ntchito imene ndikukutuma, ndipo sindikupempha. Magemu atsopano ndawaona pano, munthu amatha kubwerera kumene anayambira n'kupeza mitengo yakula, anthu akalamba, koma akumudziwabe. Ndiye kuti njira yake ilipo, ndipo aphunzitsi akumeneko akuidziwa. Ukawafunse tsiku loyamba lomwe kuti zimatheka bwanji pa foni yotsika mtengo ngati zathuzi. Akakuuza kuti n'zovuta, ukhale pomwepo mpaka uzimvetse. Sindikukuuza mathero a gemu yako, imeneyo ndi nkhani yako, kamtsikanako kawapeze bambo ake kapena kasawapeze. Ine ndikufuna msewu woyenda mbali zonse ziwiri.

Ukamaliza sukulu udzakhale pambali panga, udzandipatse foniyo m'manja, ndidzadine ndekha batani lakumanzere. Kamtsikanako kadzawoloke mlatho kubwerera kwawo. Mayi uja usadzamusiye ataima pakhomo dzanja lili m'mwamba zaka zonsezo, ali ndi ntchito, kadzamupeze atawerama kuseri kwa tivi akulimbana ndi zingwe. Koma akadzamva mapazi n'kutembenuka, adzamudziwe mwana wake.

Allah akusunge pa ulendo wopita, akusungenso pa wobwera.

Ndine mayi ako,
Abiti Saidi